Ndinakwera Phiri la Thyolo Kukanamiza Amayi

Anthu amakwera phiri pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena amakatola nkhuni, ena amakakumba mankhwala, ndipo azungu a masiku amenewo ankakwera kuti akangoima pamwamba atagwira m'chiuno, kenako n'kutsika opanda ngakhale kamtengo m'manja. Ine ndinakwera phiri la Thyolo kamodzi kokha m'moyo wanga, ndipo ndinakwera kuti ndikanamize amayi anga. Ndakalamba tsopano, mano atha, manyazi nawonso atha, ndiye ndikhoza kunena.

Zinali zaka zija nkhondo yachiwiri ya azungu isanayambe. Tinkakhala awiriwiri, ine ndi amayi, m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi m'tsinde mwa phirilo. Amayi anawoloka nane mtsinje wa Ruo ndili kumsana, pothawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Bambo anamwalira ndikukwawa, achimwene anga awiri anatsatira, ndiye tinatsala ife, mayi wapakamwa ndi mwana wotengera mayi wake. Nyumba yathu inali yaing'ono koma phokoso lake linkakwana mabanja atatu.

Tonse tinkathyola tiyi. Ntchito imeneyi lamulo lake ndi limodzi: masamba awiri anthete ndi kansonga kake, basi. Ukapyola pamenepo wathyola zinyalala. Amayi anali katswiri, zala zawo zinkayenda pa tchire la tiyi ngati nkhuku zikutola mapira, ndipo theka la akazi a gulu lathu anawaphunzitsa ndiwo, ena ndi mawu, ena ndi kambama ka pa dzanja. Ine ndinaphunzira ndi zonse ziwiri.

Ndiye tsiku lina, mvula ikulowera kumapeto, kapitawo analowetsa dzanja m'dengu la amayi pa sikelo, n'kukhuthula dengu lonse pansi anthu akuona. Munali masamba okhwima, timitengo, mpaka udzu. Anawafunsa ngati anabwera kudzathyola tiyi kapena kudzalambula m'munda. Ndinadikira kuti dziko ligwedezeke, chifukwa munthu sankawalankhula choncho amayi n'kuchoka ndi makutu onse awiri. Koma iwo anangoyang'ana pansi nthawi yaitali, n'kutola dengu lawo, n'kumapita. Ine ndinachita manyazi, ndipo ndinawakwiyira mumtima kuti ayamba ulesi wa ukalamba.

Kunyumba analankhula Chilomwe. Chinyanja ankachigwiritsa ntchito pogula mchere ndi popereka moni, koma akakwiya ankabwerera ku chilankhulo chawo. Anati m'dziko lino awatola mokwanira, akubwerera kwawo kutsidya, kufupi ndi phiri la Chiperoni, komwe kumachokera kamvula kowaza kaja kamene kamatizizira m'minda. Anati anamva kuti ukaima pamwamba pa phiri la Thyolo kunja kutayera, phiri lakwawolo limaoneka. Ndipo analumbira ndithu: akakwera n'kuliona, ndiye kuti likuwaitana, Ruo akangophwa tinyamuka. Akapanda kuliona, ndiye kuti lawakana, akhala kuno ndipo sadzatchulanso za ulendo.

Mawu akuti tinyamuka ndiwo anandisowetsa mtendere. Kwathu mwana wamkazi sasiya mayi wake, mwamuna ndiye amatsata mkazi n'kudzamanga pakhomo pa apongozi. Ndipo ine ndinali ndi munthu. Anali mnyamata wa Chimang'anja, wamtali, wofatsa mpaka kukwiyitsa, amene ankadula nkhuni zosonkhezera moto wa ku fakitale. Ankhoswe anali atakumana kale, mawu anali atamangidwa, kunkangodikiridwa kuti amange nyumba. Ameneyu ndi amene anadzakhala amuna anga kwa zaka zambirimbiri, koma m'nkhani ino mundilole ndizingomuti mkamwini, monga ankamutchulira amayi.

Ndinamufunsa mkamwiniyo ngati angawoloke nafe Ruo. Anakanda m'mutu n'kundiuza kuti amandikonda kwambiri tsidya lino, ndipo tsidya linalo adzandikondabe, koma ali kuno. Sindinamuone kulakwa. Nkhani za zikwapu za kumeneko tinkazimva kwa aliyense wowoloka, ena ankachita kutionetsa kumsana.

Choncho ndinaluka bodza langa bwinobwino. Amayi njira ya kuphiri sankaidziwa, ine sindinkaidziwa, woidziwa anali wodula nkhuni. Iye anandiuza kuti nyengo imeneyo m'mawa kumayera, koma dzuwa likapendeka mitambo imasonkhana kum'mawa n'kuphimba mapiri onse a kutsidya. Anandiuzanso kuti njira zilipo ziwiri, yachidule ndi ina yozungulira imene amayendamo osaka nguluwe. Ndinati basi, mutitengere yozungulirayo, ine ndizichedwetsa, tikafike mitambo itakhala kale. Anadandaula kuti kunamiza apongozi ukwati usanayambe n'kuyamba moipa. Ndinamufunsa ngati akufuna ukwati woyamba moipa kapena wosayamba n'komwe, ndipo anavomera.

Panali vuto limodzi, ndipo ana a lero adzaseka. Masiku amenewo mkamwini sankayang'anizana ndi apongozi ake aakazi. Sankalankhula nawo, sankadya pamaso pawo, ndipo akakumana m'njira, mkamwini ankapatukira kutchire mpaka adutse. Sichinali chidani ayi, unali ulemu, ndipo wanga uja ulemu umenewu ankauchita mopitiriza. Tsiku lina ataona amayi akubwera anagwetsa mtolo wa nkhuni n'kubisala kuseri kwa mbuzi. Ndiye tinagwirizana kuti azitsogola patali osaoneka, ndipo pa mphambano iliyonse aziika nthambi yaiwisi kutseka njira imene sitiyenera kulowa. Amayi ndinawauza kuti ndafunsira njira kwa anthu ndipo ndaisunga m'mutu. Anati mutu wangawo sunasungepo kanthu chibadwire, koma tiyeni.

Tinanyamuka Lamulungu m'mawa, mame asanaume. Ine ndinasenza chipanda cha madzi ndi chinangwa chophika, amayi anali pambuyo panga atagwira nsonga ya nsalu yanga. Ndinawafunsa chifukwa chake, anati akuopa ndingathawe. Tinadutsa mizere ya tiyi, tinadutsa mabulugama, n'kulowa m'nkhalango yeniyeni, mitengo yake yoti anthu atatu sangaikumbatire. Polowera penipeni panali ndodo yosemedwa bwino itagonekedwa pakati pa njira. Ndinaitola n'kuwapatsa amayi, ndinati mwina mizimu ya m'phiri yatilandira. Anaisisita n'kunena kuti mizimu ya kuno ili ndi nkhwangwa yakuthwa.

Pamenepo ndinayamba ntchito yanga. Ndinalasidwa ndi munga. Titayenda pang'ono ndinalasidwanso ndi wina phazi linalo. Ndinamva ludzu, ndinamva m'mimba, ndinamasula chipanda n'kuchimanganso, ndinaima kuti ndimvetsere mbalame. Amayi anati sanaonepo mtsikana wowola chonchi, ndipo anayamba kumumvera chisoni mwana wa eni amene akufuna kunditenga. Iwo ankakwera ngati mbuzi, ndodo kutsogolo, pakamwa posatseka.

Kuchedwetsa kwangako kunagwira wina amene sindinamuganizire. Mkamwini anafika pa mphambano ina, anaika nthambi yake, anatidikira, anatidikira, mpaka tulo tinamuba atatsamira mwala. Anadzidzimuka ndi mawu a apongozi ake ali pafupi ngati apa ndi apo. Ndinangoona miyendo iwiri yaitali ikulowa m'tchire chamutu. Tsoka ilo, tchire limenelo linali la chitedze, ndipo chinali chitakhwima. Amene simunakhudzepo chitedze thokozani Mulungu wanu, chimayabwa mpaka munthu kufuna kudzisenda khungu.

Amayi anafunsa kuti chagwa n'chiyani. Ndinati nguluwe. Anati nguluwe yakeyo ndi yaulemu, yathawa osalira. Ine ndinaluma nsalu kuti ndisaphulike, ndipo ndinadziona wochenjera kuposa anthu onse a m'boma la Thyolo.

Dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu tinafika pa kamtsinje kotsika m'mwala. Njira pamenepo ndi yopapatiza, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Mkamwini anali atatsogola kuti akadzipake matope poti thupi lonse linali moto, ndipo phokoso la madzi linamutseka makutu. Titakhota pa thanthwe, uyu ali apa. Kothawira kunalibe. Anachita chimene chinamubwerera m'mutu: ananyonyomala m'mbali mwa njira, anafunda thumba lake kumutu, n'kuuma gwa, matope ali thupi lonse.

Pamalopo mitengo inali yotalikirana, dzuwa linkawala bwinobwino. Amayi anasiya nsalu yanga n'kunena kuti tipumule. Anayang'ana uku ndi uku, maso awo anaima pa mkamwini, ndipo anati pali chitsa chabwino apa. Anayenda molunjika, anatembenuka, anakonza nsalu yawo kumbuyo, n'kuyamba kutsika kuti akhale.

Sindidziwa kuti ndinalumpha bwanji. Ndinawagwira mkono n'kukuwa kuti pachitsapo pali linthumbu. Anandikalipira kuti ndawathyola phewa, ndipo ndinawakhazika pa mwala cha uko, atafulatira. Chitsa chija chinakwawa pang'onopang'ono n'kuzimirira kuseri kwa thanthwe. Kukanakhala kuti amayi anakhaladi pamsana pa mkamwini wawo, ndikhulupirira mnyamata uja akanasamuka m'dziko muno yekha, osadikira Ruo kuphwa.

Ndinawatungira madzi ndikuseka chamumtima, mapewa akugwedezeka. Kenako kuseka kuja kunazima. Munthu wamtali ngati uja, zala za kumapazi zili poyera, thumba likunjenjemera, dzuwa lili ngwee, mapazi awiri okha kuchokera pamene anaima, ndipo amayi anaona chitsa. Ndinawapatsa chikho ndipo ndinaona dzanja lawo likufufuza m'malere lisanachipeze. Ndinawayang'ana m'maso. Pakati pa diso lililonse, pamene payenera kuda, panali poyera ngati madzi otsukira mpunga.

Tinanyamuka, anagwiranso nsalu yanga, ndipo ulendo uno ndinadziwa chimene ankaigwirira.

Kuchokera pa kamtsinje kaja phiri limaimirira. Umakwera ndi manja ndi mawondo, kugwira mizu, mtima ukugunda m'makutu. Ndipo ndinaphunzira khalidwe lake la phiri: limakulanda mpweya. Kumunsi kuno munthu amathawa maganizo ake ndi pakamwa. Chinthu chikayamba kukuluma mumtima umayambitsa nyimbo, kapena miseche, kapena mkangano ndi mayi wako. Pa chitunda chotere pakamwa pamakhala pa ntchito ina, ndiye maganizo amakupeza uli wekha n'kukhala nawe pansi. Anandipeza ine tsiku limenelo, ndipo sanandichitire chifundo.

Ndinakumbukira dengu lija. Ndinakumbukira kuti kwa miyezi ingapo ankandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, ati kuti ndiphunzire ntchito. Ndinakumbukira kuti anasiya kupita okha kumsika, kuti anapereka moni wa akulu kwa kamwana ka anansi athu ife n'kumaseka, kuti anathira mchere kawiri mu nandolo n'kunena kuti ndine ndinathira koyamba. Zonsezi zinachitika pamaso panga. Ntchito ya tiyi imaphunzitsa munthu kuyang'ana pamene pafika dzanja lake basi, nsonga iyi, nsonga iyo, dengu lidzaze. Ine ndinatengera khalidwe lomwelo kunyumba, ndinkangoona chimene ndikufuna kuthyola. Mkamwini sankayang'ana nkhope ya amayi chifukwa mwambo unkamuletsa. Nanga ine, wogona nawo mphasa imodzi, anandiletsa ndani? Ndinachita manyazi oti sindinawamvepo, oposa aja a pa sikelo.

Koma ndisadzikometsere. M'kati mwa manyazi omwewo munali kamawu kena kakunong'ona kuti ntchito yapepuka. Minga yonse ija ndinalasidwira chabe, chitedze chija mwana wa eni anachigwera chabe. Mitambo ibwere, isabwere, amayi sakaona kanthu. Chimene ndikanene ine ndicho chikakhale dziko. Ndinakwera chitunda chonsecho ndi mawu awiri akukangana m'chifuwa, ndipo minga inasiya kundilasa. Amayi anafunsa ngati mapazi anga achira. Ndinati achira.

Tinatulukira pamwamba dzuwa litapendeka, pa thanthwe lalikulu lopanda mitengo. Mitambo imene tinkaidalira ija inalibe nawo upo wathu. Kunja kunali mbee, mbali zonse, ngati kwatsukidwa. Ndinali ndisanaonepo dziko lalikulu choncho. Minda ya tiyi imene inkatimeza tsiku lonse inali timphasa tobiriwira toyalidwa pansi, fakitale inali kabokosi, utsi wa sitima unkakwawa cha ku Luchenza. Ndinafunafuna nyumba ya kapitawo, munthu amene mawu ake ankadzaza dziko lonse, ndipo sindinaipeze. Kum'mawa kunali Mulanje, ndipo kudzanja lamanja kwake, kutali, kunaima phiri lina lokhalokha, lobiriwira modera, looneka kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Sindinafunse munthu. Ndinadziwa kuti ndi lomwelo.

Amayi anasiya nsalu yanga, anayenda mapazi atatu ndi ndodo yawo, anaika dzanja pachipumi ngati munthu woyang'ana kutali. Anali atayang'ana kumadzulo, ku chigwa cha Shire, phiri lakwawo atalifulatira.

"Lero kuli kankhungu," anatero. "Iwe wa maso a dzulodzulo, ukuona chiyani?"

Taonani mmene Satana amakonzera zinthu. Sindinkafunikanso ngakhale kunama. Ndikanangoyang'ana kumene ankayang'anako n'kunena kuti kulibe phiri, kuli chigwa ndi mtsinje, ndipo akanakhala mawu oona okhaokha. Tikanatsika, nyumba ikanamangidwa, nkhani ikanathera pomwepo. Ndinatsegula pakamwa ndithu. Koma ndinaona mmene anaimira, khosi litawongoka, dzanja lili pachipumi, mayi wonyada akuchita ngati akuona kuti mwana wake asadziwe. Iwo ankandinamiza pondisunga, ine ndinkawanamiza podzisunga.

Ndinawagwira mapewa. Anali opepuka ngati dengu lopanda kanthu. Ndinawatembenuza pang'onopang'ono mpaka mphuno yawo inaloza kumene kunali phirilo.

"Lili uko, Amayi. Likuoneka lonse."

Amayi anaima pomwepo, mphepo ikuwomba nsalu yawo. Kenako anati ndawatembenuza. Ndinati eya. Anati ndiye kuti ndadziwa. Ndinati ndadziwira pa chitsa chija. Anapumira m'mwamba n'kundiuza kuti ndiwafotokozere phirilo, ndipo ndisathamange ngati ndikuwerenga nkhuku. Ndinawauza kuti laima lokha, kuti mbali ina ndi yotsetsereka, kuti m'munsi mwake mukufuka timautsi ta anthu otentha m'minda. Pa timautsipo anagwedeza mutu, anati anthu akadalipo.

Apa ndi pamene ndinalira, kulira konyansa kwa mamina. Ndinkalirira maso awo, ndinkaliriranso ukwati wanga, ndipo sindinganame kuti misozi yambiri inali ya chiti. Ndinawauza kuti lumbiro ndi lumbiro, phiri laoneka, Ruo akaphwa tinyamuka. Ndinati sangapite okha, ndidzawatsogolera ndine, agwire nsalu yanga mpaka tikafike. Ndinanena ndi mtima wonse, ngakhale mtimawo unkawawa ngati chithupsa.

Amayi anaseka mpaka kutsamira ndodo.

"Ndiyende ndi iwe? Munthu wolasidwa ndi minga isanu pa njira yopanda minga? Tikafika chaka chamawa."

Anakhala pansi pa thanthwe n'kundikokera pambali pawo, ndipo analankhula motsitsa, zimene sizinkachitika kawirikawiri. Anati tsiku lija la pa sikelo, chimene chinawatseka pakamwa sanali kapitawo. Anayang'ana pansi kuti aone zinyalala zimene ankanenazo, ndipo sanaone kanthu, kubiriwira kokhakokha. Anachita mantha, ndipo munthu wamantha amafuna kwawo. Ankaganiza kuti mwina chinthu chachikulu ngati phiri maso awo angachigwirebe. Anati abwera mochedwa, basi. Lumbiro lawo linali loti akaliona iwo, osati akaliona mwana wawo, ndiye phirilo lawakana mwaulemu. Ndipo kutsidyako akakafika akaona chiyani, ndipo akawadziwa ndani?

Ndinafuna kudumpha ndi chimwemwe, ndinafunanso kulowa pansi. Ndinaulula zonse, za njira yozungulira, za mitambo, za minga. Anati za mingazo anadziwa pa munga wachiwiri, chifukwa ndinatsimphina phazi lolakwika. Za njira anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Koma za chitsa anavomera kuti anapusitsidwadi, mpaka pamene anamva chitsacho chikudzikanda pochoka. Atanena zimenezi anafunda nsalu kumaso ndi manyazi, mayi wamkulu, poganiza pamene anatsala pang'ono kukhala.

Kenako anaimirira n'kundiuza kuti ndiwalozetsenso bwino. Anati pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikuwasowetsa tulo. Kwathu munthu akamwalira amamugoneka mutu utaloza kumene anachokera, kuti mzimu wake usasochere. Koma kumunsi kuja misewu ya azungu ndi mizere ya tiyi inawasokoneza, sankadziwanso kuti kwawo ndi mbali iti, ndipo woti amufunse analibe. Ine ndine mkazi, sindidzakumba manda. Wodzakumba ndi mkamwini.

"Uwauze abwere aime kumbuyo kwangaku," anatero. "Ndikudziwa ali kuseri kwa mwala uwo, ndikumva kukanda."

Mkamwini anatuluka, matope atauma n'kung'ambikang'ambika pathupi, maso ali pansi. Anaima kumbuyo kwa apongozi ake, patali pang'ono. Amayi anatambasula dzanja, ine ndinaliwongola mpaka chala chinaloza pakati pa phirilo. Analankhula kwa ine monga mwa mwambo, ngakhale mwini mawuwo anali pomwepo.

"Uwauze ayang'ane motsata dzanja langali, aone bwino. Ndikadzagona, mutu wanga udzaloze uko."

Mnyamata uja anadzutsa maso. Anayang'ana motsata dzanjalo nthawi yaitali, kenako anayang'ana kumunsi, milomo ikuyenda, akugwirizanitsa phirilo ndi chumuni cha fakitale ndiponso kaphiri kena kamene kamaoneka uli kwathu. Anali munthu wogwetsa mitengo, ankadziwa kuloza pamene chinthu chidzagonere.

"Muwauze kuti ndaona," anatero. "Sindidzaphonya."

Tinatsika njira yachidule, imene inali yachiduledi mpaka ndinakwiya. Nyumba inamangidwa chaka chomwecho. Amayi sanathyolenso tiyi, ntchito ya mkamwini ndi yanga inatisungira malo pa esiteti, ndipo iwo analera ana anga atatu ndi makutu okha. Mwana ankati akangotsegula nkhokwe ya mtedza, ndodo yafika kale. Za ulendo sanatchulenso.

Anamwalira patapita zaka zisanu ndi zinayi. Nthawi imeneyo tinali titalowa tchalitchi, ndipo manda a kumeneko ankakumbidwa m'mizere yowongoka, onse kuloza mbali imodzi. Amuna anga anatenga khasu, anaima, anayang'ana chumuni, anayang'ana kaphiri kaja, n'kulemba pansi mopingasa. Akulu a mpingo anati alakwitsa, awongole. Munthu amene sanakanganepo ndi wina aliyense chibadwire anawauza kuti akawongola akumbe okha, ndipo akatha iye adzabwera kudzakumbanso. Anamusiya.

Mukadzapita kumeneko mudzaona manda onse atafola bwinobwino, kupatula amodzi a kumapeto amene anapendama okha. Ana amafunsa ngati okumba ake analedzera. Amenewo ndi a amayi anga, ndipo sanapendame. Aloza kwawo.